Mmene Amayi Analembera Dzina Langa pa Keke

Ndikukumbukira fungo la holo yakale ya kuseri kwa tchalitchi chathu ku Chintheche. Masiku onse munkanunkha mileme ndi simenti yonyowa, koma Loweruka lililonse la dzinja limene ndinali mu Sitandade 6, fungo la majarini ndi vanila linkamveka mpaka panjira yopita kumjigo. Mu holo imeneyo ndi mmene ine ndi amayi anga tinaphunzirira kukongoletsa keke, ndipo ndi mmenenso ndinaonera koyamba amayi akulemba.

Mphunzitsi wathu anali a Makwinja, ophika pa loji ina ya ku Kande, kwawo ku Mulanje. Nyengo ya mvula alendo ankachepa, ndiye amayi a mpingo anawapempha kuti azidzawaphunzitsa luso lawo m'malo mongokhala kukhitchini n'kumaingitsa ntchentche. Ankabwera pa njinga, katoni ya zipangizo ataimangirira kumbuyo ndi mphira. Anali munthu wathupi, wa thukuta losatha, ndipo asanayambe ankatulutsa chisoti choyera m'thumba la malaya, n'kuchikung'untha, n'kuchivala mwaulemu ngati akukwera pa guwa. Chitonga chawo chinkathera pa "yewu", mawu athu othokozera, ndiye ankawagwiritsa ntchito popereka moni, popepesa, ngakhale poitana munthu. Choncho maphunziro onse ankachitika m'Chichewa, ndipo zimenezi zinawakomera amayi anga.

Amayi kwawo ndi ku Nkhotakota, ku Chintheche anachita kukwatiwako. Anali oyamba kubadwa, ndipo pamene anzawo ankapita kusukulu, iwo ankabereka ang'ono awo ndi kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Sankadziwa kuwerenga kapena kulemba. Pamudzi ponse odziwa zimenezi tinali bambo ndi ine basi, ndipo ngakhale ineyo palibe anandiuza. Ndinangozindikira ndekha chifukwa bambo, amene ankagwira ntchito ku Joni, akatumiza uthenga pa foni, amayi ankandipatsira foniyo n'kunena kuti, "Tawerenga, maso anga achita chifunga lero." Chifunga chimenecho sichinkawaletsa kulowetsa ulusi pa singano. Kutchalitchi ankagwira buku la nyimbo ngati wina aliyense, nyimbo zonse zili pamtima, n'kumatembenuza tsamba woyandikana nawo akatembenuza.

Kwina zoterezi si nkhani. Koma kwa bambo anga sukulu ndiye ulemu wa banja. Makolo awo anaphunzira kwa amishoni, ndipo amuna a m'banjamo amavala taye ndi jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mlonda wa ulemu umenewu anali NyaMhone, mlongo wawo wa bambo, amene ine ndinkawaitana kuti ankhazi monga timaitanira azakhali kwathu. Ankayenda ndi bolopeni ataitsomeka mu duku. Sanali oipa mtima ayi, tikadwala ndiwo ankayamba kufika. Koma lilime lawo linali lakuthwa, ndipo nkhani ikawafika m'mawa, madzulo inkakhala itafika kale ku Kande. Ankhaziwo ankawatchula amayi kuti "Mchewa wathu", mwachikondi ndithu, koma amayi akamva mawu amenewo ankadziwa kuti akadali mlendo. Chimene ankaopa koposa chinali choti ankhazi adzadziwe kuti mlamu wawo sangathe kulemba ngakhale dzina lake.

Tsiku loyamba ine ndinapita ndikuganiza kuti tikadya keke. Ndinakhumudwa. A Makwinja anatipatsa aliyense mbale yachitsulo n'kutiuza kuti tiivundikire, imeneyo ndiyo keke yathu. Anatiphunzitsa kutakasa majarini mpaka atayera, kuthiramo shuga wa ufa pang'onopang'ono kudzera mu sefa, kenako kadontho ka vanila. Zimenezo ndiye aisingi. Tinkapaka pa mbale ija, kusalaza ndi mpeni wosathwa, iwo n'kubwera, kupendeketsa mutu, n'kunena kuti, "Apa mwazira nyumba, mayi, simunapake keke. Palani." Tinkapala, kubwezera m'beseni, n'kuyambiranso. Pofika masana aisingi yoyera ija inkakhala itasintha mtundu, ndipo ankhazi ankatiyang'anitsitsa atsikana ochepa amene tinalipo kuti tisanyambite zala. Maso awo anali awiri okha, zala zathu zinali zambiri.

Mdani wathu wamkulu anali kutentha. Kwathu mvula ikagwa n'kukata, malata ankayamba kuwotcha, ndipo aisingi inkasungunuka uli chigwirire. A Makwinja anazolowera firiji ya ku loji, ndiye ankadandaula ngati munthu woferedwa. Tinaphunzira kukhazika beseni m'chidebe cha madzi ozizira a pamjigo, ndiponso kuviika manja m'madzi omwewo tisanagwire kathumba kofinyira. Kathumbako kanali ndi kamlomo kachitsulo kunsonga, ndipo timilomoti tinali tosiyanasiyana: kena kotulutsa nyenyezi, kena ka masamba, kena kowonda kwambiri kamene anatiuza kuti tidzakagwira pamapeto. Ankati dzanja limodzi lifinye, linalo lingolondolera, ndipo usiye kufinya usanakweze. Ukaiwala, nyenyezi inkatuluka ndi mchira.

Nyenyezi zanga zonse zinali ndi michira. Maluwa anga ankaoneka ngati kabichi wolawidwa ndi mbuzi. Ankhazi ankafinya mwamphamvu ngati akukama ng'ombe, mpaka tsiku lina kathumba kanaphulikira pa bulauzi yawo, holo yonse n'kufa nazo ziseko. Koma amayi, amene ankaluka anthu tsitsi ndi kusoka pamanja, zinthuzi zinkangowamvera. Mkombero wawo wa tizigoba unkazungulira mbale n'kukakumana pomwe unayambira, osaoneka polumikiza. Amayi anzawo anayamba kuwaitana ndi mfunda wawo kuti, "NyaPhiri, tabwerani mudzaone ngati ndikukhoza." Sindinawaonepo atasangalala chonchija pakati pa anthu a kwa bambo. Pobwerera kunyumba ankayenda akung'ung'udza nyimbo, ine ndili pambuyo ndikunyada.

Loweruka lina a Makwinja anatulutsa kamlomo kowonda kaja. Anati sabata yotsatira ndiyo yomaliza, aliyense abwere ndi keke yeniyeni yophika yekha, aikongoletse, ndipo pamwamba alembepo dzina la munthu wa kunyumba kwake. "Keke yopanda dzina ndi chigumu," anatero, amayi onse n'kuseka. Ine ndinayang'ana amayi anga. Nawonso ankaseka, koma m'maso munalibe chimwemwe. Pamene a Makwinja ankayamba kusonyeza kalembedwe, amayi anga anasuzumira pawindo, n'kunena kuti mvula ikubwera ndipo anasiya chinangwa pathandala. Anatuluka. Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe.

Ndinkaganiza kuti asiya, anamizire mutu kapena malungo. Koma ankhazi ankadutsira kwathu Loweruka lililonse kudzatitenga, ndipo munthu wodwala ankamukhalira pambali mpaka atadziwa chenicheni chimene chikumupweteka. Pothawira panalibe.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinapeza amayi ataphika phala lopyapyala la ufa wa kondowole, atathiramo kadontho ka mafuta n'kuliziziritsa. Shuga wa ufa ankapezeka ku Mzuzu kokha, koma ufa wa chinangwa pakhomo pathu sunkasowa. Anathira phalalo m'pepala la shuga lotha, n'kudula kangodya ndi lezala, n'kuvundikira mbale pamphasa pakhonde.

"Iwe Lusungu, dzanja lako limanjenjemera," anatero. "Ukandichititsa manyazi pamaso pa ankhazi ako. Khala apa uyeserere dzina lako."

Zinandiwawa, chifukwa kusukulu aphunzitsi ankayamikira kalembedwe kanga. Komabe ndinakhala. Iwo anakhala mbali inayo ya mbale, moyang'anizana nane, lichero lili pamiyendo, akusefa ufa. Phala la kondowole limananda ngati therere, ndiye chilembo chilichonse chinkakoka kaulusi. Ndinalemba dzina langa, iwo anayang'ana n'kuti silinaoneke bwino, ndifufute ndilembenso. Ndinalembanso. "Ukuthamangira kuti? Pang'onopang'ono." Zopalapala tinkaponyera nkhuku, ndipo madzulo amenewo nkhuku za kwathu zinadya dzina langa mpaka kukhuta.

Mawa lake chimodzimodzi. Ndili pakati polemba ndinazindikira kuti sefa yasiya kulira. Ndinakweza maso pang'ono, n'kuona chala cha amayi chikuyenda mu ufa wa m'lichero, chikutsatira dzanja langa. Nditsika, nachonso chitsika. Ndikhota, nachonso chikhota. Ataona kuti ndaona, anafufuta ndi chikhatho n'kuyambanso kusefa. Pamenepo ndinamvetsa. Amayi sakanatha kupempha mwana wawo kuti awaphunzitse, makamaka pakhonde pamene aliyense wopita kunyanja ankadutsa n'kupereka moni. Woyeserera ndinayenera kukhala ine, iwo akhale ondiyang'anira. Chifundo chinandigwira. Ndinangoyamba kulemba zilembo zikuluzikulu, mwapang'onopang'ono, n'kumalakwitsa dala kuti andiuze ndibwereze. Tinachita zimenezo masana aliwonse sabata yonseyo, iwo uko ine kuno, mbale ili pakati.

Lachisanu tinaphika makeke athu mumphika, mchenga wa kunyanja pansi, makala pachivundikiro. Mtima wanga sunali m'malo. Zimene ankalemba mu ufa sindinazionepo bwinobwino, ankafufuta msanga. Ndiye ndinawanong'oneza kuti, "Ama, mawa ndikalemba yanga msangamsanga, kenako tikasinthana makeke, ndikalembenso yanuyo." Aka kanali koyamba kuti nkhaniyi itchulidwe pakamwa m'nyumba mwathu. Amayi anapitiriza kusuntha makala ndi kamtengo. Kenako anangoti, "Yang'ana moto, ipserera."

Nzeru zanga zinafera pakhomo la holo. A Makwinja anatiika atsikana patebulo laling'ono pafupi ndi chitseko, amayi akuluakulu patebulo lalitali kutsogolo, ndipo amayi anga anapezeka ataima phewa ndi phewa ndi ankhazi. Tinapaka, tinasalaza, tinaika mikombero. Kunkatentha kwambiri tsiku limenelo. Kenako a Makwinja anagawa timatumba ta aisingi yofiira ta kamlomo kowonda, ndipo mu holo munangoti zii, aliyense atawerama pa keke yake. Ine ndinalemba langa mokhotakhota, maso ali kutsogolo.

Amayi anali chiimire. Kathumba kanali m'manja, ndipo kadontho kofiira kanayamba kulendewera kunsonga. Ankhazi anali atamaliza kale. Anatembenuka n'kuti, "Alamu, lembani, isungunuka." A Makwinja, amene ankayendera ntchito ya aliyense, anafika n'kuima kutsidya kwa tebulo, moyang'anizana ndi amayi. Ndinafuna kuthamanga, kugwetsa chidebe, kukomoka, chilichonse. Ndinangoima n'kumayang'ana.

Amayi anaviika dzanja m'madzi, n'kulipukuta pachitenje, n'kuwerama. Anayambira kudzanja lawo lamanja, n'kumalowera kumanzere. Dzanja lawo linkayenda pang'onopang'ono, ndendende mmene langa linkayendera pakhonde paja, mpaka pomwe ine ndinkapumira nawonso ankapumira. Ndinasendera pafupi kuti ndione. Zilembo zonse zinali chozondoka. Sabata yonse ija ankaona dzanja langa ali kutsidya kwa mbale, ndiye anaphunzira dzinalo mmene linkaonekera kwa iwo, mutu pansi, kuyambira kumanja. Ine sindinaganizeko n'komwe za zimenezo.

"Alamu, mwazondotsa!" anatero ankhazi, ndi mawu awo aja osadziwa kunong'ona.

Mitu yonse inadzuka. Amayi anaima, chilembo chomaliza chisanathe, akuyang'ana keke yawo. Sankaona cholakwika chilichonse, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri.

A Makwinja anapukuta thukuta ndi chisoti chawo. "Ine pano ndikuwerenga bwinobwino," anatero. "Lusungu. Malizani, mayi." Amayi anamaliza. Ndipo a Makwinja anagwira mbale ndi zala ziwiri n'kuitembenuza, dzina lija n'kuyang'ana kwa ankhazi, loongoka, laudongo, zilembo zofanana msinkhu kuposa zanga. "Keke ndi yozungulira. Ilibe kumutu, ilibe kumiyendo." Sanafunse funso lililonse. Anangoti "yewu" n'kupita kwa wotsatira.

Amayi ena anaseka, ena anawomba m'manja, poganiza kuti NyaPhiri wachita dala pofuna kuonetsa luso. Koma ankhazi sanaseke. Anayang'ana keke, anayang'ana amayi, kenako anayang'ana ine nthawi yaitali. Ankadutsa pakhomo pathu sabata imeneyo, anationa mmene tinkakhalira pakhonde. Ndinaona pankhope pawo kuti adziwa zonse, za foni, za buku la nyimbo, za chinangwa cha pathandala. Ndinati basi, pofika madzulo nkhani ikhala ili ku Kande.

Pobwerera tinayenda atatu, makeke ali pamutu m'mabeseni ovundikira ndi nsalu. Titafika pamphambano ankhazi anangotsanzika. Kunyumba amayi anakhazika keke yawo patebulo n'kukhala pampando, akuiyang'ana, ataitembenuzira mbali yawo ija. Ndinawapempha kuti tiisunge mpaka bambo adzabwere pa Khirisimasi. Anaseka koyamba tsiku limenelo, n'kuti nyerere sizidikira Khirisimasi, ndipo zilembo zinali zitayamba kale kutsetsereka. Anadula, n'kundipatsa chidutswa cha chilembo choyamba. Mawu oyamba amene amayi anga analemba m'moyo wawo tinawadya ndi tiyi.

Lamulungu kutchalitchi palibe anatiyang'ana mwachilendo. Lolemba kumjigo, chimodzimodzi. Lachiwiri masana ankhazi anatulukira pakhomo atanyamula kapoto ka phala la kondowole ndi pepala la shuga. Anakhala pamphasa osadikira kupatsidwa malo, moyang'anizana ndi amayi, n'kuvundikira mbale pakati.

"Alamu, ine zofinyazi zinandikanika, munaona nokha bulauzi ija," anatero. "Tandiyang'anirani dzanja."

Anafinya pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu, zokhala ndi michira. Atamaliza sanakweze maso. Anangoti, "Ili ndi lanu. Marita." Amayi anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenako anakokera lichero pamiyendo n'kunena kuti, "Silinaoneke bwino. Lembaninso." Ankhazi, amene sankauzidwa zochita ndi munthu, anapala n'kulembanso. Anabwera masana ambiri chaka chimenecho, ndipo nkhani imeneyi ndi yokhayo imene sinafike ku Kande mpaka tsiku limene tinawaika ankhaziwo m'manda.

Masiku ano ndili ndi kashopu ka makeke ku Mzuzu. Ndili ndi firiji, uvuni wamagetsi ndi makina otakasira. Atsikana amene ndimawaphunzitsa amabwera ataonera kale zonse pa foni, ndipo mayina timagula odulidwa kale, onyezimira, n'kungowatsomeka pamwamba. Ndi zaukhondo, ndi zachangu, sindikudandaula. Holo ija anaigwetsa, ndipo a Makwinja ndinamva kuti anabwerera kwawo. Ndikawauza atsikanawa kuti ine ndinaphunzirira pa phala la kondowole ndi pepala la shuga, amaseka, amayesa ndikuwanamiza.

Amayi tsopano amawerenga okha mauthenga a pa foni, mwapang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Koma kulemba amalembabe chozondoka. Kubanki amatembenuza pepala asanasaine. Akabwera kudzacheza amaima kuseri kwa kauntala, ndipo wogula akafuna dzina lolemba pamanja ndimawapatsa iwo kathumba. Ana amakakamira pagalasi, akuona mayina awo akutuluka moongoka kutsogolo kwawo, keke isanatembenuzidwe.

Tsiku lina ndinawauza kuti, "Ama, bwerani mukhale pambali panga, ndikuonetseni kulemba moongoka. Simungavutike." Anapukusa mutu, akutsuka kamlomo kowonda kaja m'beseni.

"Ndisiye," anatero. "Ndikamalemba chonchi, iwe umakhala uli patsogolo panga."